Fielder ikutentha chisinthireni hosi: ndi mpweya kapena gasketi yapita?

Fielder_Nchalo
Akuluakulu ndigawireni nzeru. Ndili ndi Corolla Fielder ya injini ya 1NZ, ndimanyamula anthu pakati pa Nchalo ndi Dyeratu, ndikapeza hayala ndimakwera mpaka ku Blantyre. Hosi yam'mwamba ya radiyeta inang'ambika, ndinagula ina, mnyamata wina wa pagalaja anaika, n'kuthira madzi, n'kutseka. Chichokereni pamenepo galimoto sikumveka bwino. Singano ya geji imakwera kenako n'kutsika yokha, makamaka ndikaima pa siteji. M'mawa ndikangoiliza ndimamva madzi akuchita khulukhulu kuseri kwa dashibodi. Kachigubu kapambali kamadzaza mpaka kutayikira, koma ikazizira ndikatsegula radiyeta madzi saoneka. Makaniko wina akuti tichotse thermostat (kavavu kotsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku radiyeta), wina akuti gasketi ya hedi (chomatira pakati pa mutu wa injini ndi thupi lake) yapsa ndiye tiphwasule injini. Ndalama atchulayo ndi yogulira ng'ombe ku Ngabu. Nditani?

Kondakitala_Bangula
Chotsani thermostat achimwene. Zimenezo anapangira azungu a kumalo ozizira. Kuno kuchigwa galimoto imachita kufuna kutenthetsedwa?

Gogo_Sipanala
Musaphwasule kanthu, ndipo thermostat isiyeni. Phokoso la kuseri kwa dashibodilo ndi mpweya ukudutsa m'karadiyeta ka hita. Mnyamatayo anathira madzi mothamanga n'kutseka, osabulida, ndiye kuti osatulutsa mpweya wotsalira m'njira za madzi. Madzi akatuluka onse, m'malo mwake mumalowa mpweya, ndipo pothira madzi atsopano mpweyawo umatsala m'malo okwera: mu hedi, pa thermostat ndi mu hita. Sensa yoyeza kutentha ikakhala mu mpweya imanama, ikakhudzidwa ndi madzi otentha singano imalumpha. N'chifukwa chake geji yanu ikuvina.

Chitani izi m'mawa injini ili yozizira, ndikutitu yozizira, yoti yagona usiku wonse. Imikani galimoto mphuno ili m'mwamba kuti pakamwa pa radiyeta pakhale pokwera kuposa pena paliponse. Dulani botolo la malita awiri, kukamwa kwake kulungani tepi mpaka likhale thinathina pakhosi pa radiyeta, likhale ngati fanelo. Thirani pang'onopang'ono, uku mukufinya hosi yam'mwamba ndi yam'munsi ndi dzanja, muona thovu likukwera. Madzi akhale akuoneka m'botolomo nthawi zonse, asaphwe, chifukwa akaphwa injini imamezanso mpweya wina. Ikani hita pa kutentha kwenikweni, AC ikhale yozimitsa. Lizani injini izidzilirira yokha. Poyamba sipachitika zambiri chifukwa thermostat imakhala yotseka. Ya injini yanuyo imayamba kutseguka pa madigiri 82, nambalayo inalembedwa pa thermostat pomwepo. Ikatseguka madzi a m'botolo amatsika mwadzidzidzi, thovu lalikulu n'kutuluka. Onjezani. Pondani moto pang'ono, singano ya kuzungulira kwa injini ifike pa 2000 kapena 2500, musiye, mupondenso. Dikirani fani izungulire n'kuima, izungulirenso n'kuimanso. Thovu likatha zimitsani, isiyeni izizire, dzazani, tsekani kapu (chivundikiro cha radiyeta), kachigubu kapambali madzi akhale pakati pa mizere iwiri ija. Mawa lake m'mawa muonenso, nthawi zambiri pamafunika kuonjezera pang'ono.

Mlamba77
Mphuno m'mwamba ku Nchalo? Chitunda mukachipeza kuti madala? Dziko lonse lija ndi lathyathyathya kuyambira pa Bereu mpaka ku Miseu Folo.

Gogo_Sipanala
Jeke ilipo. Kapena kwerani pa chulu ndi matayala akutsogolo. Ngakhale pa malo otsukira galimoto pamene anamanga pokwerera. Sikufunika phiri la Mulanje ayi.

Thonje_Ngabu
Ine chandiseketsa ndi choyatsa hita mu Okutobala kuno. Anthu odutsa aziti dalaivalayu wapenga.

Fielder_Nchalo
Zikomo a Gogo_Sipanala. Koma hita ya galimotoyi sindinaiyatsepo chiigulireni, sindikudziwa ngati imagwira n'komwe. Nanga ikakhala kuti siigwira?

Waya_ndi_Fyuzi
Pa nkhani ya hita ndisiyaneko pang'ono ndi madalawa. Galimoto zakale zinali ndi kampopi kotseka madzi opita ku hita, ndiye kutembenuza batani kumatsegula njira yamadzi. Galimoto zing'onozing'ono zambiri za masiku ano zilibe kampopiko. Madzi amazungulira mu hita nthawi zonse, batani limangosuntha kachitseko ka mphepo. Ndiye musaganize kuti kuyatsa hita ndi kumene kukutulutsa mpweya. Phindu lake ndi lakuti hita imakuuzani zoona. Injini itatentha, ikani dzanja potulukira mphepo. Ikamatuluka yotentha mosalekeza, madzi akuyenda. Ikamabwera yotentha kenako yozizira, mpweya ukadalimo.

A Fielder, yang'anani kuseri kwa injini, pa khoma lolekanitsa injini ndi mokhala anthu. Pali mapaipi awiri ang'onoang'ono olowa mkati. Ngati onse alipo, agwireni injini itatentha, onse awiri azitentha. Galimoto zambiri za kuno anthu anadula kale mapaipiwo n'kuwalumikiza okhaokha hita itayamba kudontha. Koma poti inu mukumva phokoso kuseri kwa dashibodi, yanu ikadali yolumikiza.

Gogo_Sipanala
Pamenepo sindikutsutsa. Ine ndinaphunzira ntchito pa galimoto za kampopi, dzanja linazolowera.

Kondakitala_Bangula
Inu mukulankhula za m'mabuku. Minibasi yathu inachotsedwa thermostat kalekale, imayenda Nsanje mpaka Limbe osatentha. Mufunseni dalaivala aliyense wa pa msewu uwu.

Waya_ndi_Fyuzi
Funsaninso mwini wake wa minibasiyo kuti mafuta akumugwetsa bwanji. Injini yopanda thermostat imachedwa kufika pa kutentha kwake, ndipo potsika kuchokera ku Blantyre kudza ku Thabwa imazizira kwambiri chifukwa mphepo ikuwomba radiyeta koma injini sikugwira ntchito yolemetsa. Ngati ndi ya petulo ya kompyuta, kompyutayo imaganiza kuti kukadali m'mawa, imangothira mafuta ambiri. Mafuta otsalawo amatsuka oilo m'makoma a silinda, ma ring a pisitoni amatha msanga. Chinanso, thermostat ikatseguka yonse sitchinga madzi. Ngati galimoto ikutentha thermostat ili yabwino, vuto lili pena: radiyeta yatsekeka, fani yafooka, kapu yatha, kapena mpweya ngati wa a Fielderwu. Kuichotsa n'kungobisa matenda.

Kondakitala_Bangula
Mafuta amagula ndi bwana, ine ndimangoitanira.

Mlamba77
Ndiye mwayankha nokha akulu.

Gogo_Sipanala
Poti mwaitchula thermostat, pali kanthu kamene anyamata ambiri amaphonya poiika. M'mphepete mwake muli kabowo kakang'ono kokhala ndi kachitsulo kogwederagwedera. Kaboowo ntchito yake ndi yodutsitsa mpweya thermostat ili yotseka. Kayenera kuyang'ana m'mwamba. Mukakayang'anitsa pansi, mpweya umaunjikana kuseri kwa thermostat, iyo sikhudzidwa bwino ndi madzi otentha, imachedwa kutseguka, injini n'kubwata muli pakati pobulida. A Fielder, ngati mnyamata uja anangosintha hosi, apa musakhudzepo. Ndikunenera ena amene akuwerenga.

Mayi_wa_Vitz
Ine ndi Vitz, ilibe geji ya singano, ili ndi kanyali kokha. Kamayaka ka buluu m'mawa, kenako kamazima. Ndingadziwe bwanji kuti yatentha ndisanaone kofiira?

Waya_ndi_Fyuzi
Amayi, pamenepo ndiye povuta pa tigalimoto timeneti. Kofiira kakayaka ndiye kuti zafika kale patali, imani pomwepo. Pobulida muzidalira fani ndi manja. Pali kachipangizo kena kotchipa kolowetsa pa soketi ya OBD pansi pa chiwongolero, kamatumiza kutentha kwenikweni pa foni. Kwa munthu woyenda msewu wa Thabwa kawirikawiri n'kothandiza.

Mphunzitsi_Makhanga
Ndilowererepo pa za kutsegula kapu. Ndinaona ndi maso pa Thabwa, minibasi itaima itatentha, mnyamata anakulunga kansalu n'kutsegula radiyeta pomwepo. Madzi anathovoka mpaka kudenga la galimoto, mkono wonse unasupuka khungu, ndipo anthu amene anakhala mpando wakutsogolo anapsa miyendo poti injini ili pansi pa mpando. Anthu saganiza kuti madzi a mu radiyeta yotseka amatentha kuposa a mu ketulo. Mu ketulo amabwata pa madigiri 100. Mu injini, chifukwa cha kapu ija, amatha kufika cha m'ma 120 asanabwate. Mukangotsegula, amabwata mwadzidzidzi n'kuthovoka pamodzi ndi nthunzi. Dikirani mpaka hosi yam'mwamba ifewe ndipo muzitha kuigwira ndi dzanja osathawa.

Nyakwawa_wa_Sorgin
Zonsezi n'zabwino, koma inu mwathamangira kunena kuti ndi mpweya. Ine Hilux yanga inayamba chimodzimodzi. Tinabulida, tinabulidanso, mpaka madzi a pa mjigo anatha. Mapeto ake inali gasketi. Munthuyu wanena kuti hosi inang'ambika. Inang'ambika chifukwa chiyani? Ndipo anayenda mtunda wautali bwanji madzi atatayika? Mwina hosiyo inaphulika chifukwa gasketi inali itayamba kale kupopera utsi m'madzi.

Gogo_Sipanala
Funso lanu ndi la nzeru a Nyakwawa, ndipo kubulida komweko ndi kumene kumayankha. Mpweya wotsalira uli ndi malire. Umatuluka mwa apo ndi apo, thovu lalikulu, kenako laling'ono, kenako zii. Koma la gasketi silitha. Limabwera mondondozana ngati mphika wa nyemba, mukaponda moto limachuluka, ndipo mukanunkhiza pa botolo mumamva fungo la utsi wa ku ekizozi.

Mayeso ena osalira ndalama ndi awa. M'mawa injini ili yozizira, kapu ili yotseka, finyani hosi yam'mwamba, ikhala yofewa. Lizani injini mphindi imodzi yokha. Ikauma gwa madzi asanatenthe n'komwe, ndiye kuti mphamvu ya mu silinda ikulowa m'madzi. Kapena tsegulani kapu, mangani baluni pakhosi pa radiyeta, tsinani kapaipi kopita ku kachigubu, lizani. Baluni ikafufuma nthawi yomweyo, konzekerani ndalama. Onaninso kunsi kwa chotsekera oilo ndi pa dipisitiki ngati pali zoyera ngati mkaka, ndiponso ngati ikutulutsa utsi woyera wosatha injini itatentha kale. Koma dziwani kuti gasketi imatha kupsa oilo ali woyera bwinobwino, zimatengera pamene yabookera. Magalaja ena ali ndi mankhwala a buluu oyezera pakamwa pa radiyeta, pa injini ya petulo amasanduka achikasu ngati muli utsi. Munthu asakuphwasulireni injini asanakuonetseni chimodzi mwa zimenezi.

Fielder_Nchalo
Hosi inali yakale, inatupa pafupi ndi klampu. Itaphulika ndinaona nthunzi n'kuima nthawi yomweyo, sindinapitirire. Oilo ndayang'ana, ali bwino.

Nyakwawa_wa_Sorgin
Tiona. Ine ndimakhulupirira ndikaona galimoto yakwera Thabwa yodzaza anthu masana.

Thonje_Ngabu
Koma abale, nkhani ya madzi a pa mjigo yatchulidwayi tisaidumphe. Mijigo yambiri ya kuno madzi ake ndi amchere, ngakhale tiyi sakoma. Ndiye omwewo tikuthira mu injini ya aluminiyamu. Ndinaona radiyeta itatsegulidwa pamwamba, timapaipi tonse tinali titamata zoyera ngati laimu, tina titatsekekeratu. Wotapampu nayo mapiko ake atadyeka ndi dzimbiri. Pamenepo ungabulide mpaka Khrisimasi, sizingathandize.

Kondakitala_Bangula
Ife timatunga mu Shire momwemo.

Mlamba77
Pamodzi ndi matope ndi tiana ta makakana.

Mayi_wa_Vitz
Mwatchula makakana mwandikumbutsa. Akugula bwanji pa Bangula masiku ano? Mlamu wanga akubwera kuchokera ku Lilongwe, akufuna owamba.

Kondakitala_Bangula
Adula amayi, madzi a ku dambo atsika. Koma mukalawira m'mawa mupeza abwino kuposa a pamsewu. Milamba ndiye ilipo yambiri.

Mlamba77
Musanditchule pa malonda anuwo.

Mphunzitsi_Makhanga
Inu a kutsidyako mukudandaula chiyani? Ife a ku East Bank msewu wochokera pa Thabwa ukangogwa mvula ndi nkhani ina. Chichitikireni Freddy mu 2023 mitsinje ina inasintha njira, galimoto imadutsa m'matope ofika m'mabampa. Ndipo izi zikukhudzanso nkhani yathuyi, chifukwa matopewo amauma pa zipsepse za radiyeta, mphepo osadutsa. Munthu amafunafuna vuto mkati pamene lili panja.

Waya_ndi_Fyuzi
Zoona aphunzitsi. Ku Nchalo nako nyengo yodula nzimbe, zinyalala ndi phulusa zimadzaza pakati pa radiyeta ndi kondensa ya AC, malo amene maso saona. Walitsani tochi kuseri kwa radiyeta muone ngati kuwala kukudutsa. Potsuka thirani madzi kuchokera mbali ya injini kupita kutsogolo, ndipo asakhale amphamvu kwambiri, zipsepse zija zimapindika msanga.

Tibwerere ku madzi. Kulanti, madzi amankhwala othira mu radiyeta aja, si wa kumalo ozizira okha ayi. Ntchito yake ina ndi kuteteza dzimbiri ndi kukweza pang'ono mlingo wobwatira. Ngati mwagula wosasungunula, sakanizani theka ndi theka ndi madzi a batire, aja opanda asidi. Ngati botolo lalembedwa kuti ndi wosungunula kale, musathiremo madzi. Ndipo musamangosakaniza wobiriwira ndi wapinki chifukwa choti ndi amene wapezeka, mitundu ina ikakumana imachita zinthu zamatope. Pangozi thirani madzi alionse oyera kuti mufike kunyumba, koma mukafika mukhetse.

Mayi_wa_Vitz
Ndiwonjezepo monga kholo. Kulanti ndi poizoni ndipo amatsekemera. Musamasunge wotsala m'botolo la zakumwa, ana amaona mtundu wokongola n'kumwa. Wokhetsa mu injini musasiye m'beseni pabwalo, agalu ndi mbuzi zimanyambita.

Kabaza265
Ife a njinga zamoto tikungokuonerani. Mphepo yokha basi, palibe kubulida.

Thonje_Ngabu
Mvula ikagwa mudzatipempha lifiti.

Fielder_Nchalo
Ndabwera ndi lipoti. Ndachita m'mawa uno, matayala akutsogolo ndinakweza pa njerwa. Poyamba thovu linali lochepa, ndinayamba kukayika. Kenako madzi a m'botolo anangoti phwa kamodzi, thovu lalikulu linatuluka mpaka botolo kugwedezeka. Yamwa madzi opitirira lita imodzi pamwamba pa amene analimo. Fani itazungulira kachiwiri thovu linatheratu, ndaponda moto osaonanso kanthu. Hita ikugwira, yanditulutsa thukuta. Za baluni ndayesanso, sinafufume. Koma ndaona kuti labala ya pa kapu ya radiyeta ndi yong'aluka, ndipo kachitsulo kapakati kakulendewera.

Gogo_Sipanala
Ndiye mwapeza wakuba wachiwiri. Kapu ili ndi ntchito ziwiri. Madzi akatentha amafufuma, kapu imawalola kupita ku kachigubu. Injini ikamazizira, kachitsulo kapakatiko kamatseguka kuti madzi aja ayamwidwe kubwerera mu radiyeta. Labala yakunja ikang'aluka, m'malo moyamwa madzi imayamwa mpweya. N'chifukwa chake kachigubu kanu kamadzaza koma radiyeta ili yopanda madzi. Mukapanda kusintha, mpweya mwatulutsa lerowu ubwereranso pasanathe sabata. Gulani kapu ya nambala yofanana ndi yakaleyo, pamwamba pamalembedwa 0.9 kapena 1.1. Musagule ya nambala yaikulu poganiza kuti ndiye yolimba, muphulitsa radiyeta, poti mitu yake ndi ya pulasitiki. Onaninso kapaipi kopita ku kachigubu kuti sikanang'ambike ndipo kakufika pansi m'madzi.

Waya_ndi_Fyuzi
Ndipo makapu otchipa a pamsika ena sipuling'i yake ndi yofewa ngati ya bolopeni. Ikanikizeni ndi chala musanalipire.

Nyakwawa_wa_Sorgin
Lita imodzi si yochepa pa kainjini kameneko. Chabwino, mwina ndi mpweyadi. Koma sabata ino muziyang'ana madzi m'mawa uliwonse musanalize. Akamatsikabe tsiku ndi tsiku pansi posaoneka podontha, mudzandikumbuka.

Hayala_Marka
Ndafika mochedwa koma ndinenepo za kukwera Thabwa, poti ndi pamene galimoto zambiri za kuno zimafera. Kuchokera pa mlatho wa Kamuzu kukafika ku Blantyre mumakwera mamita pafupifupi 1000, ndipo gawo lalikulu ndi m'makhotamakhota aja. Zimitsani AC musanayambe chitunda. Musaikakamize pa giya yaikulu injini ikulira mobanika, tsitsani giya kuti wotapampu izithamanga. Singano ikayamba kukwera, tsegulani mawindo n'kuyatsa hita mwamphamvu, imachotsako kutentha kwina. Apaulendo adandaula koma mufika. Ikapitirirabe, patukani pamalo oonekera, osati pakhota. Ngati madzi sakutayika ndipo fani ikuzungulira, isiyeni ikulira pang'ono kuti singano itsike musanazimitse. Koma mukaona nthunzi kapena madzi akuchucha pansi, zimitsani nthawi yomweyo. Ndipo musathire madzi ozizira mu injini yotentha yopanda madzi, hedi imapindika.

Kondakitala_Bangula
Kuyatsa hita anthu atathithikana anayi anayi? Andimenya ine, osati dalaivala.

Chigayo_Dolo
Pepani ndilowetse yanga. Injini ya dizilo ya pachigayo, ija yozizira ndi madzi a mu mgolo, nayonso imafuna kubulida? Tasintha mapaipi ndiye madzi a mu mgolo sakutentha pamwamba monga kale, koma injini ikuotcha.

Gogo_Sipanala
Ngati ndi ija yopanda pampu, madzi amayenda okha, otentha amakwera, ozizira amatsika. Paipi yam'mwamba iyenera kukwera molunjika kuchokera pa hedi mpaka pa mgolo, isakhale ndi pogonera kapena pokhotera pansi, chifukwa mpweya umakhala pamenepo n'kuimitsa madzi. Ndipo madzi a mu mgolo azikhala pamwamba pa polowera paipiyo nthawi zonse. Masulani paipi pa hedi injini ili yozizira mpaka madzi atuluke, mubwezere.

Chigayo_Dolo
Paipi yatsopanoyi ndi yaitali, tinaipinda kuti ikwane. Ndikaidule kaye.